Ntchito Yowerenga Osaseka

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira 2012 mpaka 2018, ntchito yanga ku Doha inali yowerengera nkhalamba ina mabuku oseketsa a Chingerezi, ndipo lamulo la ntchitoyo linali limodzi lokha: wowerenga asaseke. Ndikulemba izi chifukwa inu ana anga, Chisomo ndi Tamanda, mumauza anzanu kuti amayi anu ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Qatar. Si bodza, koma ndi theka la nkhani, ndipo ine ndinaphunzitsidwa kuti theka la nkhani sapita nalo kwa mkonzi.

1989 mpaka 2011, Blantyre

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka 23, ngati mtolankhani wa kukhoti pa nyuzipepala ina mu Blantyre. Mkonzi wathu, a Mhone, anali munthu wa cholembera chofiira. Ukalemba kuti woimbidwa mlandu anali ndi mantha, ankakufunsa kuti mantha akewo unawayeza ndi chiyani. Ankati lemba zimene unaona: munthuyo anagwira thabwa la kutsogolo kwake ndi manja onse awiri. Nkhani ikatha, unkaimirira pafupi ndi tebulo lawo n'kuiwerenga mokweza, mawu ali pamzere umodzi, osakwera osatsika, kuti cholakwa chimveke chokha. Ndinawerenga choncho zaka 22: milandu ya kuba mbuzi, ya malire a minda, ya kupha. Mu 2011, chaka chimene mafuta a galimoto ankasowa, nyuzipepala inachepetsa masamba, kenaka inachepetsa anthu. Bambo anu anali atamwalira kale. Ejenti amene ankatumiza amayi ku Qatar anandipempha kuti ndichotseko zaka khumi pa msinkhu wanga. Ndinakana. Anandiyang'ana ngati ndakana chakudya pamaliro, komabe malo anandipezera.

Malichi 2012, Fereej Al Murra

Nyumba inali ya nsanjika ziwiri, yozunguliridwa ndi mpanda wautali. Wolamula anali Madamu, mkazi wa mwana wamkulu wa m'banjamo, mayi wachangu, wosataya mawu, amene ankayenda ndi makiyi m'manja ngakhale popita kukamwa madzi. Gawo langa linali masitepe: 41, a mwala woyera, opukuta kawiri pa tsiku chifukwa fumbi la kumeneko limalowa ngakhale zitseko zili zotseka. Linanso linali chipinda cha apongozi awo a Madamu, amene aliyense ankawatchula kuti Baba.

Baba anali ndi zaka 78. Ali mnyamata anakaphunzira ku Mangalande, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri, satifiketi ndi mabuku. Satifiketi sindinaione. Mabuku ndinawawerenga popukuta: analipo 63, onse nkhani zopeka zakalekale, za anyamata olemera osagwira ntchito, azakhali oopsa, abusa a kumidzi ndi antchito anzeru kuposa mabwana awo. Maso onse awiri a Baba anali ndi ng'ala, ndipo anali ndi matenda a shuga. Opaleshoni ankaikana chifukwa mnzawo wina analowa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya bondo ndipo sanatulukemo. Banja linayesapo owerenga atatu. Namwino wa ku Philippines ankayamba kuseka chiganizo chisanathe. Mphunzitsi wina wachizungu ankasintha mawu, azakhali kuwalankhulitsa ngati mbuzi yomangidwa. Wachitatu anali makina, ndipo Baba anati sangamvetsere chinthu chimene sangachikalipire.

Tsiku lina ndikupukuta pa shelefu, anafunsa kuti akupumayo ndani. Ndinatchula dzina langa, Edina, ndi dziko langa. Anafunsa ngati ndimatha kuwerenga Chingerezi. Ndinayankha kuti ndakhala ndikuchiwerenga mokweza zaka 22. Anati nditenge buku lililonse.

Nkhani imene ndinatsegula inali ya bambo wina amene anakacheza kwa azakhali a mkazi wake, napatsidwa jamu wa malalanje woipa kwambiri. Pofuna ulemu, bamboyo anati sanadyepo jamu wokoma chotero. Kuyambira pamenepo azakhaliwo ankamutumizira botolo mwezi ndi mwezi, ndipo iye ankawakwirira m'dimba la maluwa, mpaka tsiku limene azakhaliwo anabwera kudzakhala nawo n'kunena kuti akufuna kulima dimbalo okha. Ndinawerenga ndili chiimire, monga ndinkachitira pamaso pa a Mhone. Ndisanamalize tsamba lachiwiri, Baba anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, Madamu n'kulowa akuthamanga ndi madzi. Ine ndinakhumudwa, poganiza kuti akuseka Chingerezi changa cha ku Zomba. Atapuma anandifunsa maganizo anga pa nkhaniyo. Ndinati ndi nkhani yomvetsa chisoni: chakudya chikukwiriridwa pamene ena akugona ndi njala, ndipo bamboyo akanangonena zoona tsiku loyamba, mlandu sukanakhalapo. Baba anagwira pamimba. Madamu anafunsa ngati aitane dokotala.

"Khalas," anatero Baba, kutanthauza kuti zatha. "Wowerenga wanga ndi uyu. Masitepe mupezere wina."

Masitepe sanapezere wina, koma anandichotsera kupukuta kwa madzulo. Tsiku lililonse nthawi ya 4 koloko, Baba akatha kupemphera, ndinkawerenga ola limodzi. Kwa chaka chathunthu ndinkawerenga mabukuwo ngati milandu ya anthu ovutika ndi ulesi, ndipo Baba ankaseka ngati mwana. Ankandifunsa kuti kwathu mnyamata wothawa ukwati podumpha pawindo tikanamutani. Ndinkayankha moona mtima kuti tikanaitana amalume ake, nkhani n'kutha pa tsamba lachitatu. Ankati n'chifukwa chake Angerezi alibe amalume othandiza, akanakhala nawo sakanalemba mabuku.

Meyi 2013, Old Airport

Lachisanu kawiri pa mwezi ndinkapuma. Ndinkakwera basi kupita ku Old Airport, kumene mnzanga Asiyatu wa ku Mangochi, wochapa zovala pa hotela ina, ankakhala ndi amayi ena asanu a kwathu. Tsiku lina, pofuna kuwasonyeza mmene azungu amawonongera chakudya, ndinawafotokozera nkhani ya jamu ija. Asiyatu anagwa pa matiresi ndi kuseka. Anati iye anauzapo supavaiza wake wa ku India kuti achali wake wowawa uja ndi wokoma, ndipo tsopano amalandira kabotolo sabata iliyonse, moti pansi pa bedi palibenso malo a nsapato. Wina anati anayamikirapo nsalu ya apongozi ake, ndipo wakhala akuivala pa Khrisimasi iliyonse zaka zisanu ndi zitatu. Kenaka onse anatembenukira kwa ine. Asiyatu anafunsa kuti, "Nanga inu achemwali, perefyumu uja Madamu anakupatsani, womwe mumati umakupweteketsani mutu, muli ndi mabotolo angati?"

Ndinali ndi asanu. Ndinali nditauza Madamu kuti fungo lake ndi la kumwamba.

M'basi pobwerera ndinazindikira kanthu. Chaka chonse ndinkaganiza kuti ndikuwerenga za anthu achilendo a dziko lozizira, pamene ndinkawerenga za ine, za Asiyatu, ndi za theka la mboni zimene ndinaziona m'khoti zikulumbira zinthu zopanda pake chifukwa choopa kuoneka zopusa. Kuzindikira kumeneko kunatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Lamlungu lotsatira tinali pa nkhani ya woweruza wina wopuma ntchito amene anaona mnansi wake akubwera mumsewu, n'kupeza kuti dzina lake waliiwala. Pothawa manyazi analowa m'khola la nkhuku la m'busa. Patapita mphindi ziwiri chitseko cha kholalo chinatseguka, mnansi uja n'kulowa chokwawa, nayenso akuthawa chifukwa chomwecho. Anthu awiri aulemu wawo, mawondo ali m'zitosi, anayamba kukambirana za mitengo ya mazira ngati ndi zimene anabwerera. Ine ndinaphulika. Ndinaseka mpaka buku linagwa. Nditatola, ndinapeza Baba ali duu, nkhope itauma.

"Tseka bukulo," anatero. "Munthu wa m'nkhanimo sadziwa kuti ndi woseketsa. Kwa iye nkhani ya kholayo ndi ya moyo ndi imfa. Tsiku limene adzadziwe, nkhani yatha. Iwe unali ngati iyeyo. Tsopano wasanduka ngati ena onse aja."

Ndinabwerera ku masitepe, kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi anayi. Madamu anandiuza mosapita m'mbali kuti opukuta masitepe achitsikana alipo ambiri, ndipo ngati Baba sakufunanso wowerenga, kontrakiti yanga ikadzatha sadzaiwonjezera. Masiku amenewo ndinawagwiritsa ntchito. Ndinkatenga buku kupita nalo m'chipinda chochapira, makina akulira, n'kuyeseza. Ndinapeza kuti kuseka kuli ndi zigawo zitatu: nkhope, mapewa ndi mawu. Baba akanatha kumva chigawo chimodzi chokha. Ukapumira m'mphuno pakati pa ziganizo, n'kukanikiza chala chachikulu cha phazi pansi, mawu amatuluka owongoka ngakhale misozi ikutsika. Tsiku lakhumi ndinagogoda pa chitseko chawo. Anandifunsa ngati ndasiya kuseka. Ndinayankha kuti sadzandimvanso ndikuseka. A Mhone akanavomereza chiganizo chimenecho, chifukwa mulibe bodza ngakhale limodzi.

Seputembala mpaka Novembala 2015

Pofika 2015 tinali titamaliza mabuku onse 63 n'kuyambiranso. Chaka chimenecho mdzukulu wa Baba wamkazi anapeza banja, ukwati n'kuikidwa mu Januwale. Madamu analumbira kuti apongozi awo adzaona mkwatibwi ndi maso awo. Analembetsa opaleshoni ya ng'ala, ndipo ulendo uno sanafunse maganizo a Baba. Kwa ine ananena mwachilungamo, monga ankachitira nthawi zonse: Baba akayamba kuona adzawerenga okha, ndipo kontrakiti yanga, yomwe inkatha mu Malichi 2016, idzakhala yomaliza. Iwe Tamanda unali utatsala ndi chaka ndi theka ku sukulu ya unamwino.

Baba anandiitana n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Anali atafufuza: madokotala sachita opaleshoni shuga akakwera kwambiri. Chofunika chinali tende, zipatso za kanjedza zotsekemera zija, zimene Madamu ankazitsekera m'kabati ndi kiyi. Ine ndikagule paketi pa tsiku langa lopuma, ndiibise kumbuyo kwa mabuku a pa shelefu yachitatu. Anati m'mabuku onse amene tawerenga, bwana akakhala pamavuto amapulumutsidwa ndi wantchito wake, ndipo nthawi yanga yakwana. Anawonjezera kuti nkhaniyi ikomera tonse awiri, iwo asunga maso awo mmene alili, ine ndisunga ntchito.

Ndikulemba mbiri, choncho ndinene zoona: ndinagula, ndipo Baba anadya zisanu ndi zitatu. Tsiku lopita kuchipatala anawayeza shuga, namwino anayezanso kachiwiri poganiza kuti makina awonongeka, ndipo opaleshoni inasunthidwa mpaka Novembala. Baba anabwerera akuimba m'galimoto. Madamu anakhala sabata yonse akufufuza m'khitchini, akuwerenga masupuni a shuga ndi kuyang'ana aliyense m'maso. Ine sanandifunse. Wowerenga mabuku, wa nkhope ngati ya pamaliro, palibe amene anamuganizira.

Miyezi iwiri imeneyo sindinaipeze bwino. Ndinaona Baba akugunda mphumi pa chitseko chimene akhala akudutsapo zaka makumi atatu. Ndinaona mdzukulu uja atabweretsa nsalu ya diresi lake laukwati, Baba akuisisita ndi zala n'kufunsa mtundu wake, mtsikanayo akuyesa kufotokoza kuyera kwa mitundu iwiri. Ndinaonanso kuti tende zisanu ndi zitatu kwa munthu wa shuga wa zaka 81 si nthabwala ya m'buku, chifukwa m'buku palibe amene amakomoka zenizeni. Ndinapita kwa Asiyatu. Iye anati ndisamale ntchito, munthu wa zaka zimenezo watsala ndi chiyani choti aone chimene sanachione. Ndinamufunsa ngati akanachita zimenezo kwa bambo ake. Anati bambo ake samulipira, kenaka anayamba kupinda zovala zopindapinda kale.

Mu Novembala Baba ananditumanso. Kukana sindikanatha, anali bwana wanga. Kupita kwa Madamu mobisa sindinafune, chifukwa sindinakhalepo kazitape. Koma zaka zitatu ndi theka za mabuku aja zinali zitandiphunzitsa kanthu kena za antchito a m'menemo: sakana lamulo, ndipo sanena miseche. Amangochita zimene auzidwa, pa nthawi imene asankha okha. Ndinagula tende. Lachitatu madzulo, kutatsala masiku awiri kuti opaleshoni ichitike, banja lonse lili pa tiyi pabalaza, ndinaziika pa thireyi yasiliva, n'kuima pakati pa chipinda, n'kulankhula ndi mawu anga a kukhoti.

"Baba, tende munandituma zija ndi izi. Ndiike kumbuyo kwa mabuku a pa shelefu yachitatu ngati ulendo watha uja, kapena mudyera pompano?"

Mwana wawo wamkulu anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Madamu anayang'ana thireyi, anayang'ana ine, anayang'ana apongozi awo, makiyi akulira m'manja. Baba anakweza chibwano n'kunena mwaulemu wonse kuti sakudziwa chimene mayi ameneyu akunena, ndipo mwina kutentha kwamusokoneza. Unali mwezi wa Novembala, makina oziziritsa ali ozimitsa. Madamu anapita okha ku shelefu yachitatu ndipo anabwerako ndi njere zisanu ndi zitatu za mu Seputembala, zitakulungidwa bwinobwino mu kansalu kopukutira magalasi.

Ine Madamu anandikalipira mphindi makumi awiri m'khitchini chifukwa cha paketi yoyamba, ndipo ndinayenera. Za paketi yachiwiri sananene kanthu. Baba anachitidwa opaleshoni diso lamanja Lachisanu lomwelo lisanafike, Lachinayi m'mawa, Madamu atapempha kuti tsiku lisunthidwe kuopa chiwembu china. Lamanzere anachita patapita masabata atatu. Nthawi yonseyo Baba sanandilankhule. Ndinabwerera ku masitepe, ndipo ndinayamba kufunsa mtengo wa sutikesi.

Disembala 2015

Anandiitana pa 20 Disembala, 4 koloko. Ndinawapeza atavala magalasi atsopano, buku lili pamwendo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ankaganiza kuti ndine wamtali. Anati ayesa kuwerenga okha masiku anayi, ndipo tsiku lililonse amagona pa tsamba lachitatu, chifukwa mawu a m'mutu mwawo amadziwa kale pamene pali nthabwala. Sanandikhululukire, anatero, koma akufuna ndiwerenge kamodzi komaliza kuti aone mmene munthu wopanda chisoni amaonekera akamagwira ntchito.

Ndinaima pamalo anga a masiku onse. Nkhani inali ya m'busa amene analonjeza amayi awiri osiyana kuti keke yawo ndi imene ipambane pa mpikisano wa tchalitchi. Mawu anga anatuluka owongoka ngati kale. Koma thupi linali litazolowera ufulu wa zaka ziwiri ndi theka, ndipo ndinaiwala kuti zinthu zasintha. Pofika pamene m'busayo anaganiza zodya keke imodzi yonse yekha kuseri kwa guwa kuti mpikisano ukhale wa munthu mmodzi, nkhope yanga inali itakwinyika, mapewa akugwedezeka, misozi ikugwera pa yunifolomu, chala cha phazi chikuboola kapeti. Nditakweza maso ndinapeza Baba akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kuyambira liti?"

"Meyi 2013, Baba."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula sabata imene ndinkadwala dzino."

Kenaka anati ndiitane Madamu. Ndinapita ndikudziwa kuti sutikesi ija ndigula ya mtundu wakuda. Madamu atalowa, Baba anawauza kuti m'nyumba muno akhala akunamizidwa zaka ziwiri ndi theka ndi munthu amene sananenepo bodza, ndipo zoterezi sanazionepo ngakhale m'mabuku. Analamula zinthu ziwiri. Choyamba, dalaivala abwere atembenuze mpando wawo kuti uziyang'ana kuwindo. Chachiwiri, kontrakiti yanga iwonjezedwe zaka ziwiri. Madamu anafunsa kuti nanga opaleshoni ija inali ya chiyani ngati akufunabe wowerenga.

"Maso ndawalandira kuti ndione mdzukulu wanga," anatero Baba. "Uyu sindikufuna kumuona. Yalla, tiye, pitiriza pamene m'busa watenga foloko."

Ndinawerengera msana wa mpando umenewo mpaka Malichi 2018. Ukwati wa mdzukulu unachitika mu Januwale monga anakonzera, ndipo Baba atabwerako anadandaula sabata yonse kuti palibe amene anawauza kuti ana awo onse akalamba.

2019, Zomba

Ndinabwerera kwathu iwe Tamanda utayamba kale ntchito pa chipatala. Ponyamuka Baba anandipatsa mabuku khumi ndi awiri, osati ngati mphatso, anatero, koma ngati zipangizo. Lachisanu lililonse 3 koloko ya kuno, imene ndi 4 koloko ya kumeneko, foni yanga imalira, ndipo ndimawerenga ola limodzi nditaima pakhonde. Sabata yatha mdzukulu uja anandiuza kuti wawagulira foni yatsopano yoonetsa nkhope, ndipo akufuna kuti Lachisanu likubwerali tiyese kuonana. Baba avomera, koma atumiza uthenga kuti foni yanga ndiiloze kukhoma. Tiyambira pa mutu wachisanu ndi chinayi, pamene azakhali a m'bukumo akutsika sitima tsiku limodzi lisanafike limene ankayembekezeredwa.